Funsani Amalume: Nkhuku yopserera, tambala wolimba ndi nkhumba ya pa ukwati

Makalata a mwezi uno akununkha utsi okhaokha. Kaya n'chifukwa choti nyengo ya maukwati yafika, kaya anthu akopeka ndi nkhuku zija zimazungulira kuseri kwa galasi ku Shoprite, pafupifupi aliyense akufunsa za kuwotcha nyama pa chitsulo chozungulira. Ine chitsulocho ndimangochitcha mpani. Agogo athu ankapana mbewa ndi nsomba pa mpani wa nsungwi n'kumautembenuza pamoto. Wa lerowu wangosiyana poti ndi wachitsulo, uli ndi chopukusira, ndipo ena amauikira mota. Ndawotcha nyama m'maukwati kuyambira ku Nyimba mpaka ku Lundazi, ndipo zambiri zimene ndiyankhe pano ndinaziphunzira nditawononga kaye ndiwo za eni ake.

Amalume, ndinapangitsa diramu ndi mpani kwa owotcherera zitsulo pafupi ndi msika wa Kapata kuti ndizigulitsa nkhuku zowotcha. Sabata yoyamba yomweyi makasitomala awiri andibwezera nkhuku. Kunja yapserera kuti bii, koma akaing'amba pa ntchafu magazi ali chuchuchu. Vuto ndi nkhuku, malasha kapena diramu?
*Mnyamata wa ku Mchini, Chipata*

Mphwanga, nkhuku ilibe mlandu, malasha nawonso alibe mlandu. Diramu lako sindinalione, koma ndikhoza kulumbira kuti malasha ukuwaunjika pakati penipeni, pansi pa nkhuku, ndipo ukuikapo nkhukuyo moto udakali lawilawi chifukwa kasitomala waima pomwepo ndalama ili m'manja. Mafuta akayamba kusungunuka amadonthera pamoto, moto umabuka n'kunyambita khungu. Pakangotha mphindi 20 khungu lada, iwe n'kumati yapsa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Moto wa mpani umakhala m'mbali. Kankhira malasha m'mizere iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, motsata kutalika kwa mpaniwo, pakati pakhale pambalambanda. Pakatipo ika thireyi yachitsulo kapena chiwaya chakale chokhala ndi timadzi pang'ono kuti mafuta azigwera m'menemo. Usaike nyama malasha asanayere phulusa pamwamba. Kenako yesa motowo ndi dzanja: liike pamene pakhale nkhuku n'kuyamba kuwerenga modekha. Ukalichotsa usanafike pa 4, moto wachuluka, kweza mpani kapena chepetsa malasha. Ukapirira mpaka 6 kapena 7, ndiye moto wake umenewo.

Pa moto wotere broila ya makilogalamu 1.5 mpaka 1.8 imafuna ola limodzi ndi mphindi 15, nthawi zina ola ndi theka. Njira yachidule palibe. Ngati anthu ako amabwera 12 koloko kudzagula ndiwo za nsima ya masana, moto uyake isanakwane 10. Kuzungulira kuja ntchito yake n'kugawa kutentha mofanana ndi kuyendetsa mafuta pathupi lonse la nkhuku kuti izidzidzoza yokha. Sikufulumizitsa kupsa ayi.

Funso lina ndikufunse: nkhuku zako umagula zouma ndi ayezi? Ngati ndi choncho, n'kutheka kuti zimafika pamoto m'kati mudakali ayezi. Zitulutse mufiriza dzulo lake, zigone mufuriji, ndipo m'mawa pisa dzanja m'mimba mwake umve ngati mwasungunuka. Nkhuku yozizira m'kati ingapserere kunja mpaka kukhala khala, koma pa fupa idzatuluka yaiwisi.

Umangenso. Mapiko ndi miyendo zikamalendewera zimayandikira moto ulendo uliwonse mpani ukazungulira, ndipo zimapserera chiganga chisanatenthe n'komwe. Pinda nsonga za mapiko kumsana, lumikiza miyendo ndi ulusi wa thonje wonyowetsa kapena kawaya kosapentedwa, osati chingwe cha pulasitiki cha m'matumba a feteleza. Mpani udutse pakati penipeni, mafoloko a pa mpaniwo agwire nkhuku zolimba mbali zonse. Usanauike pamoto, ugoneke pa zikhato zako n'kuugubuduza. Ukaona mbali imodzi ikuthamangira pansi, sunthanso nkhukuyo, chifukwa mbali yolemerayo ndi imene izichedwa pamoto n'kupsa yokha.

Za kudziwa kuti yapsa, usakhulupirire khungu. Poti iweyo ukugulitsa, gula thermometer ya nyama, kachitsulo kosongoka koyezera kutentha kwa m'kati. Ibaye pamene ntchafu yanenepa kwambiri, osakhudza fupa. Ikafika madigiri 74, chotsa. Usanaipeze, baya ndi nsonga ya mpeni pamene ntchafu yalumikizana ndi thupi: madzi otuluka akhale oyera, osati ofiirira, ndipo mwendo ukaugwedeza uzigwedera ngati ukufuna kuguluka. Koma dziwanso izi, kuti makasitomala asakuopseze pachabe: mabroila amaphedwa ali aang'ono, a milungu 6 kapena 7, mafupa ake asanakhwime, choncho nthawi zina pafupi ndi fupa pamaoneka pakuda ngakhale nyama yapsa bwinobwino, makamaka ngati inakhalapo mufiriza. Umenewo ndi mtundu wochokera m'mafuta a m'fupa. Chosavomerezeka ndi nyama yoterera, yonyezimira, yokana kuchoka pa fupa.

Inenso zinandionekera. Ndili mnyamata ndinapatsidwa mbuzi yathunthu pa ukwati wina ku Chadiza. Kwaya inafika msanga, akuluakulu anayamba kuyang'ana kumene kunkachokera fungo, ine n'kuwonjezera malasha thumba lonse kuti ndiwasangalatse. Mbuzi inafiira mokongola, anthu mpaka kuombera m'manja. Titaidula pa ntchafu, magazi anayenderera pa lichero. Azakhali a mkwatibwi sanakalipe. Anangoitana atsikana awiri n'kunena kuti, "Tengani poto wamkulu uja, tiphikire ndiwo za mwanayu." Mbuzi yanga yowotcha inathera mu supu, ndipo ine ndinadyera nsima kuseri kwa nkhokwe. Mbuzi ya makilogalamu 12 mpaka 15 imafuna maola 4 kapena 5, ine ndinaipatsa awiri.

Nkhuku ikapsa, isiye ipume mphindi 10 kapena 15 usanaidule, apo ayi msuzi wonse uthera pa thabwa. Imene sinagulidwe ikhale pambali pa moto ikutenthabe. Usaisiye pa tebulo kupitirira maola awiri, makamaka ndi dzuwa la Okutobala. Ndipo ukawafunse owotcherera aja kuti diramulo munali chiyani. Ngati munali mankhwala a m'munda kapena a thonje, litaye. Ngati munali mafuta ophikira kapena zakumwa, liwotche ndi nkhuni mpaka penti yense athe, kenako ulikweche. Mpani wabwino ndi wa stainless steel, koma chitsulo wamba chotsukidwa ndi kupakidwa mafuta chimagwiranso ntchito. Paipi ya madzi yonyezimira ija, yokutidwa ndi zinc, isayandikire moto ndi chakudya.

Amalume, apongozi anga anabwera kuchokera ku Mchinji ndipo ndinawaphera tambala wathu wamkulu. Ndinabwereka mpani kwa aneba, ndinazunguza maola awiri, koma nyama inatuluka ngati tayala la njinga. Apongozi anangodya chiwindi ndi nthutumba. Ndinalakwitsa pati?
*Mayi wa ku Kalongwezi*

Amayi, munalakwitsa posankha, osati powotcha. Tambala amene wakhala akulira m'mudzi chaka chathunthu kapena ziwiri, kuthamangitsa anzake ndi kuthawa akabawi, nyama yake ndi mitsempha yokhayokha. Mitsempha imafewa ndi madzi komanso nthawi, ndipo n'chifukwa chake amayi athu nkhuku yakumudzi ankaiphika mumphika, moto wapansipansi, mpaka supu kuchita kumata milomo. Mpani ulibe madzi. Umangoumitsa.

Ine tambala wotero sindimuika pa mpani, ndipo ndimaona ngati n'kumuwononga, chifukwa kukoma kwake kuli mu supu. Koma ngati mwatsimikiza mtima, muwiritseni kaye wathunthu m'madzi a mchere, anyezi, adyo ndi jinja kwa mphindi 40 kapena kuposerapo, moto wongonyung'unya, mpaka foloko iyambe kulowa pa ntchafu. Mukatero muumitseni, mum'pake mafuta ophikira ndi tsabola, azungulire theka la ola kuti khungu lifiire. Madzi owiritsira aja ndi supu yanu, musataye.

Ulendo wina sankhani msoti, kapena tambala amene wangoyamba kuphunzira kulira. Muviike m'madzi a mchere: malita 2 a madzi, masupuni akuluakulu 6 a mchere, maola 4 mpaka 8 mufuriji. Mcherewo umalowa m'kati ndipo umathandiza nyama kusunga madzi ake ikakhala pamoto. Ngati furiji palibe, ingomupakani mchere ndi mandimu n'kumuika pamoto pasanathe ola. Papaya wamuwisi wopala amafewetsanso, koma asakhalitse. Ola limodzi kapena awiri akwana, mukapitiriza nyama imasanduka phala kunja.

Poti mwatchula za kumudzi, ndionjezere za abale ake a nkhuku. Nkhanga ilibe mafuta, imafuna kuidzoza pafupipafupi. Bakha ndiye ali nawo ochuluka: bayani khungu lake paliponse ndi foloko osafika pa mnofu, ndipo thireyi ya pansi ikhale yakuya. Mafuta a bakhawo mukazingire mbatata kapena kachewere, mudzandiuza.

Koma apongozi amene adya nthutumba alemekezedwa kale. Musadandaule kwambiri.

Malume, kupukusa ndi dzanja kwanditopetsa ndipo malaiti amangothimathima. Mnzanga akuti ndiike mota ya waipa ya galimoto ndi batire. Zingatheke?
*Wokonza njinga, Katete*

Zimatheka, ndipo iweyo zida uli nazo kale m'shopu mwako. Mota ya waipa imayendera batire la mavoti 12, lomwe ukhoza kutchaja ndi sola, ndipo ili ndi mphamvu. Vuto lake ndi liwiro. Imazungulira maulendo 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi, pamene mpani umafuna maulendo 3 mpaka 6. Ukailumikiza mwachindunji mafuta azingomwazika ngati mvula ndipo nkhuku iguluka. Ika giya yaing'ono ya kumbuyo kwa njinga pa mota, yaikulu ya kumapedulo pa chitsulo china, ulumikize ndi tcheni. Ya mano 18 ikamakoka ya mano 44 liwiro limatsika kuwirikiza kawiri ndi theka, choncho uchite zimenezi kawiri motsatizana kuti ufike pafupi. Mota ndi batire zikhale patali ndi moto, kuseri kwa lata, ndipo tcheni uchiphimbe chifukwa ana amakonda kupisa zala paliponse.

Ngati nyama sinakhale pakati bwino, mota imalira pokweza mbali yolemera kenako n'kugwetsa mwamphamvu. Ukamva kulira koteroko zimitsa, ukonze kamangidwe. Komanso usachotse chopukusira cha dzanja. Batire limatha nyama ili pakati pa ulendo. Ine mpaka lero ndimadalira mpani wa timabowo tinayi kumapeto: kutembenuza pang'ono, kutsekera ndi msomali, kudikira mphindi zitatu kapena zinayi, kutembenuzanso. Nkhuku sidziwa ngati yazunguzidwa ndi mota kapena ndi mdzukulu.

Amalume, mwana wanga wamkazi akukwatiwa mwezi wamawa ndipo akuchimuna akufuna nkhumba yathunthu yozungulira pamoto ngati zimene anaona ku Lusaka. Tikuyembekeza anthu 150. Kumudzi kwathu nkhumba ndi zotchipa. Tigule yaikulu bwanji, ndipo tiyambe nthawi yanji?
*Bambo wa ku Petauke*

Bambo, zikomo poyamba mwafunsa, chifukwa safunsa anadya phula. Ndiyambe ndi mawu akuti "zotchipa", popeza ndi amene andidetsa nkhawa.

Kuno kum'mawa nkhumba zambiri zimangoyendayenda m'mudzi, kudya chilichonse kuphatikizapo za kuthengo kumene anthu amadzithandizira. N'chifukwa chake masese ndi ofala kwathu kuno. Masese ndi timatuza toyera, tokula ngati njere ya mpunga kapena kuposerapo pang'ono, tokhala m'kati mwa mnofu. Kalikonse mwa timatuzato ndi mwana wa njoka ya m'mimba. Munthu akadya nyama yotero yosapsa bwino, njokayo imakulira m'matumbo mwake n'kumatulutsa mazira m'chimbudzi. Mazirawo akalowa m'kamwa mwa munthu kudzera m'manja osasamba, m'madzi kapena m'ndiwo zamasamba, amakasanduka timatuza tomweto m'thupi, nthawi zina mu ubongo, ndipo amayambitsa khunyu. Tsono taganizirani nkhumba yathunthu, yofiira kunja, yaiwisi pa phewa, ikugawidwa kwa anthu 150.

Musanalipire, nkhumbayo igonekedwe pansi muyang'ane kunsi kwa lilime, monga amachitira ogula ozindikira. Koma lilime loyera si umboni wokwanira. Ikaphedwa, aone a zaziweto, acheke m'masaya, mumtima ndi pa phewa. Mukapeza masese nyamayo isapite kwa alendo, ngakhale wina anene kuti moto upha zonse. Chenjeraninso ndi nkhumba imene mwini wake akuigulitsa mothamanga pamene zinzake zikufa m'khola. Chigodola cha nkhumba sichigwira anthu, koma chimayenda ndi nyama, ndipo makombo a pa ukwati akaponyedwa kwa nkhumba za pamudzi mukhoza kumaliza makola onse. N'chifukwa chake a zaziweto amakhwimitsa kayendedwe ka nkhumba ndi nyama yake kuchokera m'chigawo chathu. Gulani kwa mlimi amene amazisunga m'khola, ngakhale mtengo ukwereko.

Za kukula: musatengeke ndi chinkhumba cha makilogalamu 60. Pa mpani wopangidwa kwathu kuno sichingapse m'kati, ndipo chitsulo chidzapindika. Yoyenera ndi ya makilogalamu 20 mpaka 25 itachotsedwa zam'kati. Imeneyo imakwanira anthu pafupifupi 50 ngati pali ndiwo zina. Kwa anthu 150 ine ndingachite chonchi: imodzi yokha izungulire poonekera kuti akuchimuna ajambule zithunzi zawo, nyama yotsalayo iduliridwe m'mapoto ndi pa waya monga mwa masiku onse. Anthu amabwera kudzakhuta, kuonerera n'kongowonjezera.

Nkhumba yotereyi imatenga maola 6 mpaka 8. Ngati chakudya ndi 2 koloko masana, moto uyake 5 koloko m'mawa, ndipo pasankhidwe anthu awiri osamwa tsiku limenelo. Mpani ukhale wochindikala mamilimita 25 kapena kuposa. Msana umangiriridwe ku mpani ndi waya m'malo atatu kapena anayi, chifukwa nyama ikayamba kufewa imasiya kugwira chitsulo, mpani n'kumazungulira wokha nkhumba ili phee. Malasha achuluke ku mapewa ndi ku ntchafu, pamimba pakhale ochepa poti m'popyapyala. Mukhale ndi mbaula pambali yoyatsirako malasha ena, muziwonjezera oyaka kale ndi fosholo. Akapezeka a tsanya, amene ena amati mopane, ochokera kuchigwa cha Luangwa, tengani amenewo, amakhalitsa. Mphepo ikakhala yamphamvu ngati ya mu Ogasiti, tchingani ndi malata, apo ayi kutentha konse kuthawira kwa aneba.

Khungu mulicheke timizere, mulipake mchere, likhale louma. Makutu ndi mchira muzikulunge ndi foyilo. Zotsekemera zonse, kaya uchi, kaya shuga, kaya sosi wa m'botolo, zidikire mphindi 15 zomaliza chifukwa shuga amapserera msanga n'kuwawitsa khungu. Pa nkhumba thermometer si yokambirana: pakati pa phewa ndi pakati pa ntchafu ipitirire madigiri 75, ndipo phewa limakoma kwambiri likafika cha m'ma 85, pamene nyama imayamba kuchoka yokha pa fupa. Mukaitsitsa ifunditseni masamba a nthochi kwa theka la ola.

Chomaliza, Bambo, yang'anani mndandanda wa alendo. Kuno tili ndi abale a Seventh Day ndi Asilamu ambiri, ndipo sadya nkhumba. Nkhuku zawo zikhale ndi mpani wake, mpeni wake ndi thabwa lake. Musazipachike pansi pa nkhumba kuti "zilandireko mafuta", monga ndinaonera kwina.

Amalume, mvula ikayamba ndingalowetse diramu m'khitchini n'kutseka chitseko?
*Mtsikana wa ku Navutika*

Ayi, mwana wanga. Malasha amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, wosaoneka ndi wosanunkha, umene umayamba ndi mutu ndi chizungulire kenako munthu amangogona osadzukanso. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba mu Juni. Imika mitengo inayi panja, ufolere ndi malata, m'mbali musiye mopita mphepo.

Amalume, ine ndine Mubemba wa ku Kasama, ndinakwatiwa ku Sinda. Amuna anga akuti ndiwagulire makina ozungulirawa kuti aziwotchera mbewa zawo. Kodi ziweto za anthu a kum'mawazi zimakwana pa mpani wachitsulo?
*Mlamu wanu*

Mlamu, ndaona kuti mwabwera ndi chimbuya, kuserewulana kwa Abemba ndi ife a kum'mawa, ndipo ndikulandirani. Makina aakulu aja tinawasiyira inu a kumpoto, poti paja timamva kuti ndiwo zanu zimatsika mumtengo ndipo zili ndi mchira wautali wofuna mpani wa mamita awiri.

Mbewa sizifuna mota. Zimatumbulidwa, kuwiritsidwa m'madzi a mchere, kenako kupanidwa pa kamtengo kong'alula n'kuumikidwa pambali pa moto wofatsa mpaka ziume kuti gwa. Mukazibaya ndi chitsulo chochindikala ngati chala simutsala kanthu. Ndalama ya makinayo muwagulire amuna anu khasu latsopano lokumbira, ndipo akabwera nazo muwapemphe akupatseni kapuku wonona uja, muyambire kumutu.